Tinakonza kale, nanga yabweranso bwanji? Kusaka vuto m'ma branch ndi pa tsiku la release

Uthenga unandipeza Lolemba m'mawa ndili mu minibasi yochokera ku Chelstone, titaima pa mzere wa magalimoto cha pa UNZA. Anali mawu a amayi ena a ku Chilenje, msungichuma wa gulu la village banking limene limalemba ndalama zake mu kapulogalamu kathu. "Mwananga, zija munati mwakonza zayambiranso. Chiwongoladzanja cha m'foni chikusiyana ndi cha m'buku langa, ngwee zingapo pa munthu aliyense, ndipo Loweruka lino tikumana." Ndinawayankha kuti, "Amayi, musafufute kalikonse m'bukumo, ndilo likunena zoona. Ndikuyimbirani dzuwa lisanalowe."

Ngwee zingapo zimaoneka zochepa kwa munthu amene sanakhalepo pa msonkhano wa gulu lotere. Msungichuma amene manambala ake asiyana ndi a m'foni amabwerera kwawo anzake akumuyang'ana ndi diso lina, ndipo kumuyeretsa kumatenga nthawi.

Chinandiwawa n'chakuti vutoli tinali titalikonza. Pulogalamuyo inkawerengera ndalama ndi manambala a float (okhala ndi decimal), ndipo kompyuta siitha kusunga 0.1 ndendende mu binary, choncho tingwee tinkasochera m'njira. Tinasintha kuti ndalama ziyambe zasandutsidwa ngwee zathunthu, K12.50 n'kukhala 1250, kenako n'kuwerengera. Tinatulutsa 2.3.1, onse anakhutira. Patapita miyezi ingapo tinatulutsa 2.4.0, ndipo vuto lija linali momwemo ngati palibe anakhudzapo.

Pulogalamu yathu ndi ya open source, ndiye kuti code yake aliyense angaiwerenge. Timaisamalira anthu asanu, tonse usiku titaweruka ku ntchito zina. Matenda amenewa ndawaonanso m'maprojekiti a anzathu muno mu Lusaka, ndipo amabwera ndi zizindikiro ziwiri: bug (vuto la mu pulogalamu) yokonzedwa kale imadzuka mu release (version yotulutsidwa kwa anthu) yotsatira, ndipo tsiku lotulutsa release limasunthidwa mpaka anthu amatopa n'kufunsa. Ambiri amaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana. Ine ndimati zimadyetsana, ndipo mukachiza imodzi n'kusiya inzake mudzabwerera pomwepo.

Yambani ndi funso lotchipa: ali ndi version iti?

Musanakumbe mbiri ya ma commit (zosintha za code zosungidwa chimodzichimodzi), tsimikizani kuti wodandaulayo ali ndi chimene mukuganiza kuti ali nacho. Kuno ambiri sapanga update pa intaneti chifukwa choumira bundle. Amatumizirana fayilo ya APK pa Bluetooth kapena pa WhatsApp, ndipo m'gulu limodzi mungapeze foni ina ili ndi pulogalamu ya chaka chatha, ina ya dzulo. Kangapo konse bug imene akuti yabwerera imakhala yakale yomweyo, pa foni imene chokonzacho sichinafikepo.

Nambala ya version yolembedwa pamanja mu fayilo musamaikhulupirire, munthu amaiwala kuisintha. Lolani Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code, inene yokha pa nthawi yomanga pulogalamu:

`git describe --tags --dirty`

Yankho likakhala `v2.4.0-7-g3f9c2ab`, ndiye kuti tag (dzina lomatidwa pa commit ya release) yapafupi ndi v2.4.0, pamwamba pake pali ma commit 7, ndipo womaliza ndi 3f9c2ab. Kumapeto kukakhala `-dirty`, womangayo anali ndi zosintha pa laputopu yake zimene sanazipange commit, ndipo zimene zili m'foni ya kasitomala palibe wina angazimangenso. Mawu amenewa aikeni poonekera mu pulogalamu, kuti munthu athe kukuwerengerani pa foni. Amayi a ku Chilenje anandiwerengera, ndipo inali v2.4.0 yopanda china chilichonse kumbuyo. Vuto linali kwa ife.

Kodi chokonzacho chinafika ku main?

Kwathu ntchito yatsopano yonse imalowa ku branch (nthambi ya code) yaikulu yotchedwa main. Tikafuna kutulutsa release timadula branch ina pambali, monga release/2.3, ndipo ma 2.3.1 ndi 2.3.2 amachokera kumeneko. Tsiku limene bug ya ngwee inapezeka koyamba, mnzathu wa ku Matero anaikonza mwachangu ku release/2.3, chifukwa n'kumene anthu ankavutika. Anachita bwino kuthamanga. Kubweretsa chokonzacho ku main anati mawa, ndipo mawa lake magetsi anazima, kenako ntchito zina zinamukwirira. Pamene tinkadula release/2.4 kuchokera ku main, tinadula kumene bug ija inali ikadali yamoyo.

Kuti muone ngati zotere zakuchitikirani, funsani Git kuti ndi ma commit ati ali ku branch ya release koma ku main kulibe:

`git cherry -v main release/2.3`

Mzere woyamba ndi `-` ukutanthauza kuti kusintha komweko kuliko kale ku main. Woyamba ndi `+` ndiye wokayikitsa. Ife tinapeza mizere inayi ya `+`. Iwiri inali yosintha nambala ya version ndi changelog, ndipo imeneyi n'koyenera kukhala ku release kokha. Wachitatu unali wa ngwee. Wachinayi unali chokonza china cha masiku obwezera ngongole, chimene palibe amene anali atadandaula, koma nachonso chinali chitasowa mu 2.4.0.

Pali misampha iwiri pano. Ambiri amathamangira `git branch --contains` ndi hash ya commit (nambala yake, monga 3f9c2ab uja), akapanda kuona main pa mndandanda n'kuyamba kukalipa. Komatu cherry-pick (kukopera commit ku branch ina) imapatsa commit hash yatsopano, squash merge (kulowetsa ma commit onse a branch ngati commit imodzi) nayonso chimodzimodzi, choncho chokonza chingakhale kuti chinafika koma chavala dzina lina. `git cherry` siyang'ana hash, imayerekeza kusintha kwenikweniko, n'chifukwa chake ndimayamba ndi iyo. Msampha wachiwiri ndi wakuti nayonso imaphonya: ngati posamutsa panali conflict (mizere yomweyo itasinthidwa mbali zonse ziwiri), munthu n'kusintha mizere ina kuti zigwirizane, commit imeneyo idzaoneka ndi `+` ngakhale inafika. Ndiye mzere uliwonse wa `+` utseguleni ndi maso anu, ndi `git show`, musanagamule.

Nthawi zina mupeza kuti chokonzacho chinafikadi ku main, koma bug ilipobe. Pamenepo wina anachifufuta mosadziwa, ndipo kawirikawiri amakhala munthu amene anakhala miyezi iwiri pa branch yake yekha, tsiku la merge n'kukumana ndi ma conflict odzaza tsamba, n'kusankha mbali yake paliponse kuti agone. Kuti mupeze pamene zinasokonekera, lembani test imene imalephera bug ikakhalapo, kenako:

`git bisect start main <commit imene inakonza ku main>`

`git bisect run <lamulo loyendetsa test>`

Bisect imadula mbiri pakati, n'kudulanso pakati, mwakuti ngakhale ma commit atakhala 1,000 imapeza wolakwayo m'maulendo pafupifupi 10.

Za test imeneyi ndinenepo pang'ono. Chokonza cha ngwee chinalowa chopanda test. Mnzathu akanalemba test ya mizere isanu yonena kuti K12.50 pa chiwongoladzanja chakutichakuti ipereke zakutizakuti, n'kuiika ku main, 2.4.0 sikanatuluka pakhomo. Chokonza chopanda test chimadalira kukumbukira kwa munthu, ndipo munthu amene amalemba code 23:00 atachoka ku ntchito sangakumbukire zonse.

Madzi aziyenda mbali imodzi

Kupeza commit yosowayo n'kuisamutsa ndi ntchito ya mphindi khumi. Chofunika kwambiri n'kugwirizana njira imene zokonza zimayenda pakati pa ma branch, ndipo njira zodziwika zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi ya anthu a Linux. Lamulo la ma kernel (mtima wa Linux) a stable, amene amayang'aniridwa ndi Greg Kroah-Hartman ndi anzake, likuti chokonza chiyenera kukhala kale ku nthambi yaikulu ya Linus Torvalds chisanalandiridwe ku stable. Chimayamba kutsogolo, kenako n'kubwezedwa ku ma version akale. Python nayo imatero: pull request (pempho lolowetsa kusintha) imapita ku main, amaiika label yonena ma version akale ofunika kulandira chokonzacho, ndipo bot yotchedwa miss-islington imatsegula yokha ma pull request a ku ma branch akalewo. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti mukaiwala, choiwalikacho ndi version yakale. Anthu a 2.3 adikira pang'ono, koma 2.4 singabadwe ndi matenda ochizidwa kale.

Yachiwiri ndi ya Git yeniyeniyo, imene Junio Hamano wakhala akuisamalira kuyambira 2005. Iwo amakonza ku branch yakale kwambiri imene ili ndi vutolo, n'kupanga merge kukwera nayo, kuchokera ku maint kupita ku master. Hash imakhala imodzi paliponse, ndipo `git branch --contains` imanena zoona nthawi zonse. Njira iyi ndi yaukhondo, koma imafuna munthu wosaiwala kupanga merge imeneyo, ndipo sigwirizana ndi squash.

Zonse ziwiri zimagwira ntchito. Chimene chimapha n'kuyenda ziwirizo nthawi imodzi, lero uyu wakonza ku main, mawa uyo wakonza ku release, aliyense akuganiza kuti mnzake asamutsa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ife tinavumbwadi. Kwa gulu laling'ono la anthu ongodzipereka, lokonda kudina batani la squash pa GitHub, ine ndimalimbikitsa njira yoyamba mopanda kuzungulira. Chilichonse chiyambe ku main.

Kulemba lamulo mu CONTRIBUTING.md n'kwabwino, koma lamulo lolembedwa lokha limaiwalika usiku wa ngozi. Tsekani ma branch a release ndi branch protection kuti pasapezeke wopusha molunjika, ngakhale mwini projekiti. Posamutsa gwiritsani ntchito `git cherry-pick -x`, imene imawonjezera mzere wonena hash ya commit yoyambirira. Pakakhala conflict, onetsetsani kuti mzerewo ulipobe mu uthenga, ngati kulibe ulembeni pamanja. Kenako ikani kachiyeso mu CI (makina omanga ndi kuyesa code okha) kokana commit iliyonse ya ku release imene ilibe mzere umenewo, kupatula yosintha nambala ya version. Ngati mukuthetsa conflict imodzimodzi mobwerezabwereza, `git config rerere.enabled true` ichititsa Git kukumbukira mmene munathetsera ulendo watha.

Wina afunsa kuti, nanga code ya ku main ikakhala kuti inalembedwanso mwatsopano, bug ija kulibeko? Pamenepo chokonzacho chipite ku release kokha, inde, koma test yake ilowe ku main poyamba, ndipo uthenga wa commit unene chifukwa chake. Test ikadutsa ku main, muli ndi umboni. Ikalephera, mwapulumuka 2.4.0 ina.

Minibasi, kapena basi ya nthawi

Aliyense wa mu Lusaka amadziwa kukhala mu minibasi pa Kulima Tower kapena pa City Market, injini ikulira, kondakitala akuti tatsala awiri, n'kutha theka la ola. Minibasi sinyamuka isanadzaze. Ku Intercity kuli mabasi ena opita ku Chipata kapena ku Livingstone amene timawatcha time bus: ola la pa tikiti likakwana amatseka chitseko, wochedwa adikire yotsatira. Amene ali ndi ulendo wofunika amasankha yachiwiriyi chifukwa angathe kuuza abale ola loti amuchingamire.

Release yathu ya 2.4.0 inali minibasi. Tinati ituluka pakatha milungu isanu ndi umodzi. Kenako tinati tidikire ma risiti a SMS, atsala pang'ono. Ma risiti asanathe, wina anabwera ndi kumasulira kwa Chibemba, nakonso kunali kwabwino, kosati n'kukusiya. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Miyezi inadutsa, ndipo nthawi yonseyo anthu anali pa 2.3, akupeza ma bug, ife tikukonza ku release/2.3, pamene main ikupita patali. Apa ndi pamene mavuto awiri aja amakumanirana. Release ikachedwa, branch yakale imakhala nthawi yaitali ikulandira zokonza, ma branch amatalikirana, cherry-pick iliyonse imabwera ndi conflict, ndipo munthu wotopa amati ndisamutsa mawa. Komanso aliyense akadziwa kuti release yotsatira ingatenge theka la chaka, amalimbana kuti ntchito yake yosatha ilowe mu ino, n'kuichedwetsanso.

Maprojekiti aakulu ambiri anasankha basi ya nthawi. Linux imatsegula khomo kwa milungu iwiri kuti zatsopano zilowe, kenako ma version oyesera, rc1 mpaka rc7, mlungu uliwonse, nthawi zina rc8, ndipo kernel yatsopano imatuluka pakatha milungu 9 kapena 10. Ubuntu imatuluka mu April ndi October, mwakuti nambala yake ndi chaka ndi mwezi: 24.04 ndi April 2024. Python, kuyambira 3.9 mu 2020, imatuluka chaka chilichonse mu October, ndipo zatsopano zimalekeka kulowa pa beta yoyamba mu May. Rust imatulutsa milungu isanu ndi umodzi iliyonse. PostgreSQL inafika posankha Lachinayi lachiwiri la February, May, August ndi November kukhala masiku otulutsa zokonza, kuti oyang'anira ma seva azidziwiratu.

Sikuti onse amatero. Debian imatulutsa ikakonzeka, ndipo Debian 12 inatuluka pa 10 June 2023, Debian 13 pa 9 August 2025. Koma onani chimene amadikira: amatseka khomo ndi freeze ya magawo angapo, kenako n'kudikira kuti ma bug oopsa athe. Sadikira zatsopano. Ubuntu nayo inasunthapo tsiku, n'chifukwa chake ya 2006 inatchedwa 6.06 m'malo mwa 6.04, koma anasuntha kamodzi, poyera, n'kupereka tsiku lina lodziwika. Ndiye funso lothandiza tsiku likayandikira ndi ili: tikudikira kuti chowonongeka chikonzeke, kapena kuti chatsopano chithe? Choyambacho chingasunthe tsiku. Chachiwiricho chikwere basi yotsatira.

Pokonza kalendala, ikani masiku atatu osati limodzi. Loyamba ndi la freeze, pamene mukudula branch ya release ndipo zatsopano zimaleka kulowamo. Ku main ntchito ipitirire, n'chifukwa chake timadula branch, kuti olemba zatsopano asakhale manja lende. Lachiwiri ndi la rc1, imene mumapereka kwa magulu awiri kapena atatu okhulupirika kuti ayese ndi ndalama zenizeni pambali pa buku lawo. Lachitatu ndi la release. Ife tsopano timatulutsa milungu isanu ndi itatu iliyonse, freeze kutatsala milungu iwiri, ndipo masiku onse a chaka ali mu fayilo imodzi mu repository momwemo. Mtunda pakati pa ma release ukhale waufupi mokwanira kuti wotsala asamve ngati wataya chaka.

Masikuwo muwasankhe ndi kalendala ya kuno, osati ya ku California. Ife sititulutsa Lachisanu, chifukwa magulu ambiri amakumana Loweruka ndi Lamlungu, ndipo bug ya Lachisanu madzulo imafika pa msonkhano tisanaione. Sititulutsa mu December, pamene magulu ambiri amagawana ndalama za chaka. Timazemba mlungu wa Heroes ndi Unity kumayambiriro kwa July, ndi wa 24 October. Mwa anthu athu asanu, atatu ndi a kum'mawa, choncho kumapeto kwa February kuli Nc'wala ku Mtenguleni, kumapeto kwa August kuli Kulamba ku Mkaika, ndipo kuika freeze pamenepo n'kudzinamiza. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo tinaphunzira kuti release isadalire laputopu ya munthu mmodzi. Anthu awiri akhale ndi mphamvu yotulutsa, ndipo kumanga kuchitikire mu CI. Ngati muli ndi othandiza a kunja, lembani ola la freeze mu UTC. Lusaka ili patsogolo ndi maola awiri, ndipo mawu oti Lachitatu usiku ayambitsapo mikangano yosafunika.

Gawo lovuta si la Git. Ndi kuuza munthu amene wagwira ntchito milungu itatu osalipidwa kuti yake itsala. Mnyamata wa ma risiti a SMS ndinamuyimbira foni m'malo momulembera pa pull request pamaso pa onse. Ndinati, "Achimwene, ntchito yanu ndi yabwino ndipo tikuifuna. Ya mwezi uno yatseka, koma yotsatira ili pa tsiku lakuti, ndipo yanu ndiyo iyambe kulowa ku main ikangotha." Anamva, chifukwa tsikulo linali lenileni. Kale tikanena kuti yotsatira, palibe ankadziwa kuti ndi liti, ndipo sindikanamudzudzula akanakwiya.

Chosatha chikalowa kale

Nthawi zina chinthu chosapsa chimakhala kuti chalowa kale ku main freeze isanafike. Ngati n'kotheka, chitsekeni ndi feature flag, chikhalemo koma chozimitsa. Ngati n'kosatheka, chichotseni ku branch ya release ndi revert, ku main chikhalebe. Mukachotsa merge yonse ndi `git revert -m 1`, kumbukirani ichi: Git imaonabe kuti ma commit aja analowa kale. Tsiku limene mudzapangenso merge branch yomweyo kumalo komweko, zakale zija sizidzabwerera, zidzabwera zatsopano zokha, ndipo mudzatsala ndi theka la ntchito. Muyenera kuyamba mwapanga revert ya revert ija. Lembani zimenezi mu issue tsiku lomwelo, chifukwa pakatha miyezi iwiri palibe adzakumbuke.

Ma branch achuluka

Mukalemba `git branch -r` n'kuona develop, staging, hotfix zingapo ndi ma release asanu onse akadali amoyo, mwasenza katundu woposa mitu yanu. Ambiri anatengera ndondomeko ya git-flow imene Vincent Driessen analemba mu 2010. Mwini wakeyo mu 2020 anawonjezera mawu pamwamba pake, kuti kwa mapulogalamu a pa web amene amatulutsidwa mosalekeza ndi bwino kutsata njira yosavuta. Ngati pulogalamu yanu imakhala pa seva imodzi yanu, main ndi ma tag zikukwanirani. Branch ya release ndi ya amene anthu awo ali ndi ma version osiyana m'manja.

PostgreSQL imasamalira version iliyonse yaikulu kwa zaka zisanu, koma ili ndi anthu ochuluka olipidwa pa ntchito imeneyo. Ife asanu tinalemba poyera kuti timasamalira release yatsopano ndi imodzi ya kumbuyo kwake, ndipo ya kumbuyoyo imalandira zokonza za ndalama ndi za chitetezo zokha. Zina zonse tinazitseka, ma tag ake n'kutsala.

Tag ikatuluka, yatuluka

Lolemba lija la uthenga wa amayi a ku Chilenje mnzanga wina anati, "Tingokonza, n'kusuntha tag ya v2.4.0, anthu ochepa ndiwo atenga." Ndinakana. Amene anatenga kale tag ija Git siidzawasinthira yokha akapanga fetch, choncho padzakhala ma v2.4.0 awiri osiyana, ndipo funso lotchipa lija, lakuti muli ndi version iti, silidzakhalanso ndi yankho. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake npm ndi PyPI, malo otsitsako code ya JavaScript ndi Python, salola kukwezanso china pa dzina ndi nambala imene inagwiritsidwa kale ntchito. Manambala sagulidwa: tulutsani 2.4.1. Pa SemVer, ndondomeko ya manambala a version, nambala yachitatu ndi ya zokonza zokha, yachiwiri ya zatsopano zosaphwanya zakale, yoyamba ya zophwanya. Musazembetse chatsopano mu 2.4.1 chifukwa choti chinachedwa basi.

Tag ikhale ya `git tag -a`, kapena `-s` ngati muli ndi kiyi yosainira, ndipo dziwani kuti `git push` payokha situmiza ma tag. Onjezani `--follow-tags`, imene imatumiza a mtundu umenewu okha. Fayilo imene anthu amatsitsa imangidwe ndi CI kuchokera pa tag, osati pa laputopu ya wina. Nkhani ya xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo, ya pa 29 March 2024 inasonyeza chifukwa chake. Andres Freund, poona kuti kulowa pa ssh (njira yolowera m'kompyuta yakutali) kukudya mphamvu ya kompyuta mosayenera, anapeza msampha wobisika mu ma version 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo kachidutswa koyatsira msamphawo kanali m'mafayilo otsitsa a release, mu Git munalibe. Ubuntu inachedwetsa beta ya 24.04 ndi mlungu umodzi kuti imangenso mapulogalamu ake. Debian 12 sinakhudzidwe chifukwa inali itatseka kale pa version yakale. Projekiti yathu ndi yaing'ono, koma imasunga manambala a ndalama za anthu, ndipo chimene amayi a ku Chilenje ali nacho m'foni chiyenera kukhala chomwecho chimene aliyense angawerenge pa tag.

Madzulo a Lolembalo tinalemba ma test awiri, a ngwee ndi a masiku a ngongole, ndipo onse analephera ku main monga tinkayembekezera. Tinaika zokonza ziwirizo ku main, n'kuzisamutsira ku release/2.4 ndi `-x`. Lachiwiri CI inamanga 2.4.1. Ndinawayimbira amayi aja, n'kuwapempha kuti asatumizire gulu kaye, ayambe ayerekeza mayina khumi ndi buku lawo. Lachitatu masana anandiuza kuti onse khumi agwirizana mpaka pa ngwee, ndipo anafunsa ngati ya Chibemba ija ibwera liti, chifukwa m'gulu mwawo muli amayi awiri a ku Kasama. Ndinatsegula fayilo ya kalendala n'kuwawerengera tsiku.